Mawu asanu ndi atatu a pa pampu ya petulo

Ku England kulibe mnyamata wa yunifolomu wokuthamangira ukaima pomwetsera mafuta n'kukufunsa kuti, "Wa zingati, bwana?" Umatsika wekha, n'kutsegula thanki wekha, n'kumwetsa galimoto wekha, kenako n'kupita kukalipira. Zimene kwathu ukanamva kuchokera pakamwa pa munthu, kuno anazisiyira kapepala komata pa pampu. Kwa nthawi yaitali kapepalako ndinkangokadutsa ndi maso osakawerenga. Ndinayamba kukawerenga sabata imene Morris Minor yanga ya 1967 inandizimira pachitunda cha The Rock ku Tettenhall, mtunda wosakwana mamailosi awiri kuchokera kunyumba kwanga ku Whitmore Reans, mumzinda wa Wolverhampton, thanki ili yodzaza.

Kapepalako n'kachidule. Pali mkombero wokhala ndi E10 m'kati mwake, ndiye pali chiganizo chimodzi cha Chingerezi, cha mawu asanu ndi atatu: "Suitable for most petrol vehicles: check before use". Nditayesa kuchinena m'chilankhulo chathu, ndinapeza ndikuti petuloyu ndi woyenera magalimoto ambiri, koma yambani mwaonetsetsa musanathire. Kenako ndinazindikira kuti "koma" ameneyu ndamuikamo ndine. M'chiganizo cha eni akecho mulibemo. Pamene payenera kukhala "koma" pali timadontho tiwiri, ndipo timadonthoto tasenza katundu yense wa chenjezo popanda kutulutsa liwu loti lingadzidzimutse wogula. Mbali yoyamba ikukusisita pamsana, yachiwiri ikukulamula, ndipo palibe akukuuza chifukwa chimene chinthu choyenera kale chikufuniranso kuonetsetsa.

Mawuwa ali ndi akulu awo. Lamulo la 2004 linkafuna kuti pampu yogulitsa petulo wa ethanol wochulukirapo izikhala ndi mawu khumi awa: "Not suitable for all vehicles: consult vehicle manufacturer before use". Chiganizo chimenecho chinkayamba ndi kukana. Pa 1 September 2021, pamene E10 anakhala petulo wamba ku England, Scotland ndi Wales, boma linali litasintha mawuwo, ndipo chiganizo chatsopano chinayamba ndi kuvomera. Petulo ndi yemweyo, magalimoto ndi omwewo. Taganizani za mayi wophikitsa pa ukwati. Akatuluka kukhitchini n'kunena kuti "nsimayi sikwanira onse", anthu amayamba kuyang'anana ndipo ena amadzuka msanga kukaima pamzere. Akanena kuti "ambiri adya", aliyense amakhala phee pampando, podziwerengera m'gulu la ambiriwo. Mphika sunakule. Boma linkafuna kuti anthu akhale phee, ndipo linali ndi chifukwa chake: linawerengera kuti E10 achepetsa mpweya wa carbon dioxide ndi matani 750,000 pachaka, zofanana ndi kuchotsa magalimoto 350,000 pamsewu. Anthu akanaopa pampuyo, chiwerengerocho chikanathera papepala.

Sindikuti ananama. Liwu lakuti "most" lili ndi nambala kumbuyo kwake: pa magalimoto 100 aliwonse a petulo, pafupifupi 95 amamwa E10 bwinobwino, ndipo onse opangidwa kuyambira 2011 anakonzedwa kale kuti azimumwa. Chimene chimandivuta n'chakuti liwuli limaunjika asanu otsalawo pamulu umodzi wopanda nkhope. M'muluwo muli bambo wa Jaguar yakale amene amaitulutsa Lamlungu la dzuwa lokha, ndipo kwa iye kulipira ndalama zoonjezera pogula E5, amene anatsala ngati petulo wodula wa okiteni 97 kupita m'mwamba, n'kutaya khobidi m'nyanja. Mulinso mwini kagalimoto kotopa ka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kapena kanjinga kamoto kakang'ono, amene amadzuka nako tsiku lililonse kupita ku ntchito. Whitmore Reans ndi dera la nyumba zakale za njerwa zogundizana khoma, magalimoto ogona mumsewu, ndipo anthu ake ambiri amadziwa mtengo wa lita imodzi pamtima. Kuno munthu wachiwiriyo ndiye umakumana naye. Kapepalako sikasiyanitsa awiriwa, kamangowauza onse mawu amodzi.

Ine ndili pakati pawo, ndipo ndivomere kuti boma limandinyengerera. Galimoto ikapitirira zaka 40 n'kulembetsedwa ngati yakale yosungidwa, silipira msonkho wa pamsewu, siikakamizidwa kupita kukayezedwa chaka ndi chaka pa MOT, ndipo ikalowa pakati pa Birmingham, pamene kuyambira June 2021 magalimoto a utsi wambiri amalipira mapaundi 8 patsiku, imadutsa ulele. Zimenezi zili ndi tanthauzo limene sindinaliganizire pogula Morris ija. Palibe munthu aliyense amene lamulo limamutuma kugwada pansi pa galimoto yanga kuti aone ngati mapaipi a mafuta akali amoyo. Woyang'anira yekhayo amene boma linandisiyira ndi liwu limodzi la pa kapepala kaja, "check". Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndiye sindidandaula. Ndikungoti liwuli, kwa ine, ndi lolemera kuposa momwe olilembawo ankaganizira.

Chiganizo chakale chija chinkatchula woti ukamufunse: amene anapanga galimotoyo. Pa Toyota ya dzana zimenezo n'zomveka. Nanga pa Morris Minor? Inapangidwa makamaka ku Cowley, ku Oxford, kuyambira 1948 mpaka 1971, zoposa 1.6 miliyoni. Kampani ya Morris inamezedwa ndi BMC, BMC n'kumezedwa ndi British Leyland, ndipo chimene chinatsala pamapeto pake, MG Rover ya ku Longbridge ku Birmingham, chinagwa mu April 2005. Mzinda wa Wolverhampton umene ndikukhalamo unali ndi opanga magalimoto ake: Sunbeam, imene galimoto yake inapitirira mamailosi 200 pa ola ku Daytona mu 1927 woyendetsa ali Henry Segrave, komanso Star, AJS, ndi Clyno imene pakati pa zaka za m'ma 1920 inali yachitatu pa opanga magalimoto onse a dziko lino koma n'kutha mu 1929. Kuuza mwini wa imodzi mwa zimenezi kuti akafunse wopanga n'kumutuma kumanda kuti akamve za malire a munda. Choncho chiganizo chatsopanocho, pochotsa dzina la wofunsidwa, chinafika pafupi ndi choonadi mwangozi. "Check" alibe mwini, alibe chinthu choti chionedwe, alibe malo. Uone chiyani, kuti, kwa yani? Amene analemba ankatanthauza tsamba la boma la pa intaneti, pamene umasankha dzina la galimoto n'kuyankhidwa. Kwa galimoto yakale yankho lake n'loti gwiritsa ntchito E5, ndipo nkhani yathera pomwepo. Galimoto yanga inali itazima kale, ndipo yankho limenelo silikanailiza.

Mkombero uja ndi woona mtima kuposa mawu. Unabwera mu 2019: mkombero ndi petulo, bokosi la ngodya zinayi ndi dizilo. Mumsewu mwathu, mmene mumamveka Chipunjabi, Chikurdi, Chipolishi ndi Chingerezi cha ku Jamaica, chizindikiro chosafuna chilankhulo n'chanzeru. Koma nambala ya m'katiyo imanyenga maso. E10 satanthauza kuti magawo 10 pa 100 ndi ethanol. Amatanthauza kuti sapitirira 10, ndipo lamulo limafuna kuti asachepere 5.5. E5 angakhale ndi magawo asanu, angakhale ndi awiri, angakhalenso opanda ndi dontho lomwe. Nambalayo ikukuuza denga la nyumba, koma kutalika kwa munthu amene ali m'katimo sukudziwa. Eni magalimoto akale amakangana kwambiri za petulo wa siteshoni iyi ndi iyo, ndipo gawo lina la mkanganowo limachokera pamenepa.

Madzulo a tsiku limene galimoto inazima, nditaikokera kunyumba, ndinali nditagamula kale mlandu. Wolakwa anali ethanol. Ndinaimbira amalume anga pa WhatsApp, munthu amene anakalambira pansi pa magalimoto ku Ndirande, n'kuwafotokozera kuti azungu atiikira mowa m'petulo ndipo wandiphera galimoto. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Mphwanga, nanga ma Peugeot 404 ndi ma Datsun amene unkakwera popita kusukulu ankamwa chiyani? Madzi a m'chitsime?"

Ananena zoona, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinaiwala. Malawi anayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inayamba kumutcheza kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga. Mu 2004 PressCane inayambanso ku Chikwawa. Dziko lopanda doko, limene mafuta ake amayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, silinayembekezere nkhani za kusintha kwa nyengo kuti lione phindu la nzimbe m'thanki. Brazil anayamba kuchita zimenezi mwamphamvu mu 1975, Zimbabwe anayamba ku Triangle mu 1980. Ngakhale kuno ku Britain, petulo wosakaniza ndi mowa wotchedwa Cleveland Discol ankagulitsidwa kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1960, ndiye kuti ma Morris Minor ena anamumwapo akali atsopano. Pa mapampu a kwathu sindikumbuka kuti ndinaonapo chenjezo lililonse.

"Ndiye n'chifukwa chiyani kuno akuopa chonchi, amalume?"

"Galimoto yakoyo umayendera masiku angati pa mwezi?"

Funso limenelo linandibwezera ku mawu awiri omaliza a kapepala kaja, "before use". Mawuwa akuika ngozi kutsogolo kwa kuthira, ngati kuti choipa chimachitika pa nthawi imene petulo akulowa m'thanki. M'galimoto yakale choipa chachikulu chimachitika pambuyo pake, injini itazima, mwini ali m'nyumba. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Thanki ya galimoto yakale imapuma kudzera pakabowo, ndipo mpweya wa kuno ku West Midlands kuyambira November mpaka March ndi wonyowa ngati thaulo la kubafa. Madzi akachuluka kupitirira mlingo, amagwirana ndi ethanol n'kupatukana ndi petulo, n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pali kamwa la paipi yokoka mafuta. Pamenepo dzimbiri limayamba, ndipo m'kabuleta zitsulo zofewa zimamera ufa woyera. Matola ya ku Ndirande inkatsiriza thanki tsiku lomwelo, petulo sankagonamo. Yanga inkagona mumsewu miyezi inayi thanki ili theka. Chenjezo loyenera galimoto yotere likananena za kuimika, koma kapepala ka pa pampu kanalembedwera munthu amene abweranso sabata ya mawa.

Liwu loyamba lija, "Suitable", nalonso limabisa zambiri. Kuyenera kwa petulo ndi galimoto si chinthu chimodzi chimene chilipo kapena palibe. Injini yeniyeniyo, mapisitoni ndi mavavu ake, imayaka ndi E10 popanda kudandaula kwambiri. Zimene zimavutika ndi zinthu zing'onozing'ono za m'njira: labala wakale amene amauma kapena kufufuma, magasiketi a khoko, utomoni umene ena anamata nawo m'kati mwa thanki, ndiponso litsiro la zaka makumi asanu limene linali litakhazikika m'makona koma ethanol, pokhala wosungunula, amalidzutsa n'kulitumiza ku sefa. Palinso nkhani ya mpweya. Ethanol ali ndi okosijeni m'thupi mwake ndipo mphamvu yake n'njochepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo. Galimoto yamakono ili ndi kompyuta imene imanunkhiza utsi n'kuonjezera mafuta yokha, ndipo mwini amangotaya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mtunda. Kabuleta sinunkhiza kanthu. Imapereka muyezo umene inaikidwa, ndiye injini imalandira mafuta ochepera pang'ono n'kutentha kuposa kale. Choncho galimoto imodzi yomweyo ingakhale yoyenera m'njini koma yosayenera pa paipi ya labala yotalika ngati chala.

Amalume sanafune kumva zonsezi. Anandiuza kuti ndisiye kuweruza ndisanamve mboni, ndipo mboni yoyamba ndi khutu.

Morris Minor ili ndi pampu ya magetsi ya SU, imene inamangidwa m'mwamba pansi pa boneti. M'kati mwake muli maginito amene amakoka kachikopa ka labala, sipuling'i n'kukabweza, ndipo timapointi tiwiri timadula ndi kulumikiza magetsi pa kukoka kulikonse. N'chifukwa chake imalira kuti the, the, the. Ukatembenuza kiyi imalira kangapo n'kukhala chete, chifukwa kachikho ka m'mbali mwa kabuleta kadzaza, choyandama cha m'katimo chakwera, ndipo kasingano katseka khomo. Pampuyi imalankhula zinthu zitatu kwa amene akumvetsera. Ikakhala duu kiyi atatembenuzidwa, kawirikawiri ndi mapointi amene apsa kapena achita dzimbiri, ndipo eni magalimotowa amadziwa mankhwala a pamsewu: kuigogoda pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva, n'kudzuka. Ikamalira pang'onopang'ono movutikira, n'kumatentha, ndiye kuti ikukoka pa njira yotsekeka. Ikamathamanga osapuma ngati makina osokera, ikukoka mpweya kapena nthunzi m'malo mwa mafuta, kapena kasingano kaja kakanika kutseka ndipo petulo akusefukira, zimene mphuno imakuuza msanga.

Dzina lakuti SU ndimalikonda pa chifukwa china. Ndi chidule cha Skinners Union, ndipo banja la Skinner linali la malonda a nsapato, la Lilley & Skinner. Herbert Skinner analembetsa kabuleta yake mu 1905, ndipo zoyambirirazo zinali ndi mvukuto wachikopa m'kati. William Morris atagula kampaniyo mu 1926 anaisamutsira ku Birmingham, kumene inakhala zaka zambiri ku Erdington. Lero zipangizo zake zimapangidwa ndi Burlen ku Salisbury. Ndiye kuti wopanga galimoto anafa koma wopanga pampu akali moyo, ndipo ukafuna kachikopa katsopano kopirira ethanol umakapeza.

Yanga, pakhomo, inkalira kangapo n'kukhala chete ngati yabwinobwino. Injini inkalira bwino itaima. Apa m'pamene anthu ambiri amasochera, ine ndemwe. Galimoto itaima imamwa pang'ono kwambiri, moti pampu yodwala imakwanitsa kudzaza kachikho kaja. Vuto la mafuta osafika limaoneka pachitunda kapena paliwiro, ndipo khalidwe lake n'lodziwika: injini imayamba kujejema, n'kufooka pang'onopang'ono ngati munthu wa njala, n'kuzima, ndipo ukadikira mphindi zingapo imaliranso. Vuto la magetsi nthawi zambiri limadula kamodzi n'kamodzi. Ndati nthawi zambiri chifukwa koyilo yotentha imatha kutengera khalidwe la njala ya mafuta mpaka kupusitsa makaniko, ndipo n'chifukwa chake amakaniko akale amati ukamaganizira kabuleta uyambe waona moto. Ndinazula pulagi imodzi, moto unali wabuluu. Nsonga yake inali yotuwa mopita koyera, pamene yoyenera imakhala ngati tiyi wamkaka. Injiniyo inkasowadi mafuta.

Dzanja langa linathamangira ku nati ya pansi pa kabuleta, imene ukaitsitsa imaonjezera mafuta. Amalume anandiletsa mokalipa.

"Usakhudze imeneyo! Mwana akamaonda suyamba n'kumukulitsa kukamwa. Uone kaye ngati nsima ikufika m'mbale."

Tinayambira kumbuyo. Choyesa choyamba sichifuna sipanala: galimoto ikangozima, tsegula chivundikiro cha thanki n'kumvetsera. Ikapuma kuti fyuu, ndiye kuti kabowo kolowetsa mpweya katsekeka, thanki yakhala ngati botolo loyamwidwa, ndipo pampu singakokenso. Yanga sinapume. Chachiwiri ndi sefa yaing'ono imene ili pansi pa pampuyo, kuseri kwa nati ya mkuwa. Ndinapezamo timichenga tofiira ta dzimbiri, koma tosakwana kutseka njira. Ndinaganiziranso za nthunzi, chifukwa pa Morris Minor paipi yokwera kupita ku pampu imadutsa pafupi ndi ekizozi, ndipo ethanol amawira pa madigiri 78 okha, n'kuchititsa petulo yense kusanduka nthunzi msanga. Koma vuto limenelo limakonda tsiku lotentha galimoto itaima pamzere, ndipo ine ndinazimidwa m'mawa wozizira wa April ndikuyenda.

Kenako amalume anatchula njira imene aliyense wokulira kwathu anaionapo, makamaka m'masiku a kusowa kwa mafuta ngati 2011 ndi 2012, pamene petulo wa m'zigubu ankabwera ndi madzi ndi litsiro lake: kachigubu komangirira pamwamba, kapaipi kakutsika molunjika ku kabuleta, thanki ndi pampu zitasiyidwa pambali. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi umphawi chabe. Ndi umphawi ndithu, komanso ndi nzeru ya kafukufuku yoyera bwino, chifukwa imadula njira ya mafuta pakati n'kufunsa funso limodzi: vuto lili kutsogolo kwa apa kapena kumbuyo? Injini ikakoka bwino pa chigubu, kabuleta ilibe mlandu. Sindikanayenda ndi chigubu cha petulo padenga kudutsa pa bwalo la mpira la Molineux osagona kupolisi, ndiponso n'zoopsa zenizeni. Koma funso lomwelo ungalifunse galimoto itaima. Ndinamasula paipi pamene imalowa m'kabuleta, n'kuiloza m'botolo loonekera, panja, kutali ndi moto uliwonse, n'kutembenuza kiyi. Za kuyamwa paipi ndi pakamwa, zimene amalume anachita moyo wawo wonse, ndinakana mwaulemu.

Pampu yabwino ya mtundu umenewu imadzaza botolo la theka la lita m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mafuta amatuluka modumpha koma athunthu. Anga ankatuluka ndi thovu. Nditamiza kamwa la paipi pansi pa petulo wa m'botolomo, timathovu tinapitiriza kukwera, kamodzi pa kulira kulikonse kwa pampu. Nditawaonetsa pa kamera, amalume anangoti, "Ikumwa mphepo. Lowa pansi."

Chimene chinandichedwetsa n'chakuti ndinkafunafuna dontho la petulo pansi pa galimoto, ndipo panalibe. Sindinaganize kuti pa Morris Minor pampu ili kutsogolo ndi m'mwamba, thanki ili kumbuyo ndi m'munsi, choncho paipi yonse ya pakati imagwira ntchito mokokedwa. Mng'alu wa pa paipi yokankhidwa umatulutsa mafuta n'kudziulula. Mng'alu wa pa paipi yokokedwa, ukakhala pamwamba pa mlingo wa mafuta a m'thanki, umalowetsa mpweya mwakachetechete, ngati udzu wong'ambika umene ukuyamwira thobwa. Pamalo osalala pampu inkakwanitsabe. Pa The Rock, mphuno ya galimoto itadzuka ndipo injini ikufuna zambiri, inkakoka mphepo yambiri kuposa petulo. Paipi yoyambirira ya galimotoyi ndi yachitsulo. Wina amene anali nayo ine ndisanaigule anadula kagawo kodyeka n'kulumikizapo labala, pamalo obisika pomwe paipi imayamba kukwera. Kunja labalayo ankaoneka wabwino. Nditamupinda, anatseguka milomo isanu ndi umodzi.

Kodi anamupha ndi ethanol? Mwina anafulumizitsa. Koma labalayo anali wouma ngati chikopa cha ng'oma, analibe chilembo chilichonse, ndipo mwina sanapangidwire petulo n'komwe. Apa m'pamene ndikuona kuipa kwina kwa kapepala kaja, kumene olemba sakanakuganizira. Popeza ndi kokhako kamene kamatchula ngozi pamalo pamene mwini galimoto amaimapo sabata iliyonse, kamakhala ngati mfiti ya m'mudzi: chilichonse chikavuta, dzina lotchulidwa ndi lomwelo. Mapointi akapsa, ethanol. Koyilo ikafooka, ethanol. Thanki imene yakhala ikudyeka kuyambira nthawi ya nduna yaikulu Harold Wilson ikabooka, ethanol. Zinachitikanso chimodzimodzi petulo wa mtovu atachotsedwa pamsika mu 2000. Ine ndinatsala pang'ono kukhuthula thanki yonse ndi kumasula kabuleta yopanda mlandu, pamene vuto linali lotalika mainchesi anayi.

Paipi yatsopano imene ndinagula ili ndi mawu akeake, osindikizidwa ndi utoto woyera m'mbali mwake mobwerezabwereza, ndipo pakati pa mawuwo pali SAE J30 R9. Ndinakhala pa sitepe ya pakhomo n'kuwawerenga monga ndinawerengera a pa pampu aja. Awa sakusisita munthu pamsana. R9 ndi muyezo wa paipi yokhala ndi khungu la m'kati losalola mafuta kulowerera, ndipo ndi umene eni magalimoto akale amalangizana kugula m'malo mwa R6 wakale. Palinso kukula kwa bowo lake. Ndi zilembo zouma, zolembedwera munthu amene wagwada kale pansi pa galimoto, ndipo zimamuuza chinthu chimodzi chimene angachiyeze. Ngakhale pamenepo safunsa anadya phula, chifukwa utoto woyera aliyense angausindikize, ndipo mapaipi abodza okhala ndi zilembo zomwezo amagulitsidwa motchipa pa intaneti. Ndinagula kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto akale, n'kumanga ndi zomangira za mafuta zosaluma labala.

Nati ya pansi pa kabuleta ija ndinadzaikhudza pomaliza, patapita sabata, nditaona kuti mapulagi akali otuwirako. Ndinaitsitsa mbali imodzi yokha mwa mbali zake zisanu ndi imodzi. M'nyengo yozizira tsopano ndimaimika galimoto thanki itadzaza, kuti mpweya wonyowa usapeze malo, ndipo ndimathira E5 ngakhale amandipweteka m'thumba, podziwa kuti nambala yakeyo ndi denga chabe.

Loweruka lotsatira ndinakwera The Rock foni ili pampando, amalume akumvetsera. Injini inkasokosa moti sindikudziwa ngati anamva chilichonse, koma titafika pamwamba pafupi ndi bwalo la Upper Green ndinaima, n'kuzimitsa, n'kutembenuzanso kiyi kuti amve pampu. Inalira kawiri n'kukhala chete.

"Yakhuta," anatero. "Tsopano unditumizire kapaipi kotsalako. Kuno kuli Datsun ya mnzanga ikumwa mphepo chaka chachiwiri."